Simbi pa Shati Yoyera ya Amalume

Moni nonse a pa gulupu ya mpingo, kuphatikizapo inu amene mumakwinya nkhope mukandiona pakhomo la tchalitchi. Ndine Lonjezo, mwana wa Mayi Phiri a ku Woolwich, yemwe uja munamupatsa dzina loti Mliri. Ndikulemba pa foni ya amayi chifukwa yanga analanda. Lamlungu lapitali amalume anaimirira kutsogolo ndi ndodo zawo n'kupereka umboni wa opaleshoni ya bondo. Anathokoza Mulungu, madokotala, kwaya, mpaka woyendetsa takisi. Dzina langa silinamveke. Ndiye nawu umboni wanga, ndipo ndiyambe ndi kuvomera kuti amene anayambitsa zonsezi ndine.

Amalume ndi dalaivala wa basi. Bondo lakumanja litafika poti silingapondenso buleki, anawaimitsa ntchito, ndipo anasamukira kwathu poti kwawo n'kokwera masitepe ambiri. Anatenga chipinda changa, ine n'kumagona pa sofa ngati mlendo. Anabwera ndi mashati oyera asanu ndi awiri, oti munthu wina aliyense sakhudza. Amasita okha, ataima ndi mwendo umodzi, kwinaku akundiuza kuti ndine mwana wopanda tsogolo.

Loweruka lina ndinabwereka kwa mnzanga chigalasi chovala kumaso chija amati VR, chimene ukachivala umaona ngati uli kwina. Ndinawauza amalume kuti muli mpira. Munalibe mpira. Munali thabwa lopyapyala pamwamba pa nyumba yosanja, pansi magalimoto akuoneka ngati nyerere. Atangochivala ndinawakankha pang'ono paphewa. Abale, mkulu wa mpingo wathunthu anakuwa kuti "Mayo ine, ndafa!" n'kukumbatira pilo. Ndinajambula, ndipo ena mwa inu amene mumanditukwana munaonera kanemayo kawirikawiri. Ndikukudziwani.

Kuyambira tsikulo amalume anati chigalasicho n'cha Satana.

Tsoka linabwera tsiku la opaleshoni. Madokotala anati mtima wawo si wabwino kuwagonetsa tulo, ndiye awabaya jakisoni wa pamsana kuti miyendo ichite dzanzi, iwo ali maso. Anthu amantha amawaveka chigalasi chomwechija, chokhala ndi zomvera m'makutu, kuti aziona nkhalango kapena nsomba m'madzi m'malo momva macheka ndi hamala zikugwira ntchito pa fupa lawo. Nesi atangochitulutsa, amalume anayamba kunjenjemera thupi lonse. Anakana chigalasi, ndipo popanda chigalasi anaona singano. Analephera kukhala bata ngakhale mphindi imodzi. Anatsika pabedi ndi chovala chotsegula kumbuyo chija, n'kunena kuti awaitanire takisi.

Kalata ya kuchipatala inabwera. Anawapatsa tsiku lina, ndipo inanena momveka kuti zikakanikanso abwerera kumapeto kwa mzere. Kuntchito nako anali atawauza kuti sangawadikire mpaka kalekale.

Apa mpamene mpingo wonse unandikumbukira. Amayi anasiya kundilankhula, chakudya ankangondiikira ngati galu. Mayi wina wa m'kwaya, dzina ndasunga, anandiuza pa basi anthu akumva kuti, "Iwe ukanakhala kumudzi bwenzi tikukuombeza." Bambo ena anati andibweze ku Malawi ndikaone moyo. Nonse munali oweruza, koma palibe anabwera ndi nzeru yoti amalume agone bwanji pabedi paja.

Chimene simukudziwa n'chakuti ine ndinawaona amalume masana ena atakhala pabedi langa, atagwira chipewa chawo cha kuntchito. Ndinalowa ndi nsapato pakapeti, sanandikalipire. Ndinasiya kapu pawindo, sanandikalipire. Pamenepo mpamene ndinachita mantha enieni, chifukwa amalume osakalipa ndi munthu amene watha. Mawa lake popita kusukulu ndinapemphera m'basi, koyamba popanda wondikakamiza. Ndinati, "Ambuye, ndine ndinaphwanya, ndiye ndipatseni njira. Bondo lawo lichire, ntchito isawathere, ndipo ngati n'kotheka chipinda changa chibwerere."

Yankho linabwera kudzera mwa munthu amene sandifuna n'komwe, Anti Nachisale, nesi wa mumpingo mwathu amene amagwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni chomwecho. Anandiimitsa titaweruka mapemphero.

"Iwe Mliri, tabwera kuno. Akuti kusukulu kwanu kuli kamera yojambula mbali zonse?"

"Ilipo, Anti."

"Adokotala alola kuti amalume ako aonere zakwathu m'chigalasi muja. Ukajambule kwaya ikuimba. Kwaya yokha, wamva? Ukachita zako zija ndikusenda ngati mbatata."

Amalume anavomera monyinyirika atamva kuti n'za Mulungu. Kwaya ndinaijambuladi, nyimbo ziwiri. Koma pokonza kanemayo ndinaona vuto. Pepani a kwaya, nyimbo zanu n'zamaliro. Munthu woopa imfa mukumuimbira za kuwoloka mtsinje? Ine amalume ndimawadziwa kuposa nonsenu. Munthu uja nyimbo sizimuiwalitsa kanthu. Chimene chimamuiwalitsa bondo, njala, ngakhale dzina lake, ndi kukalipira ine.

Tsiku lomwe anapita kokayezetsa magazi ndinaika kamera pakati pa chipinda chawo. Ndinavala jekete yawo ya Lamlungu. Ndinatenga shati yoyera koposa zonse, ija amavala pa Mgonero, n'kuiyala pathebulo lositira. Ndinaika simbi chafufumimba pamsana pa shatiyo, n'kuisiya pompo. Kenako ndinakhala pabedi, n'kutulutsa mtedza wokazinga umene amabisa m'sutikesi, n'kumadya kamodzikamodzi ndikuyang'ana kamera. Nthawi zina ndinkadzuka ngati ndikukachotsa simbi, n'kungoidutsa kukatenga nsapato zawo zakuda kuti ndizipake polishi wofiirira. Ndinachita zimenezi kupitirira ola lathunthu. Kanemayo ndinamulumikiza kumapeto kwa kwaya. Anti anaonera poyambira pokha, n'kuti zili bwino.

Zotsalazi anandiuza Anti omwewo, atandigwira khutu. Akuti pa tsiku la opaleshoni, nthawi ya kwaya amalume ankanjenjemera moti bedi linkalira, ndipo dokotala wa jakisoni anali atayamba kupukusa mutu. Mwadzidzidzi kunjenjemera kunasiya. Amalume anaumitsa khosi n'kukuwa:

"Iwe! Jekete imeneyo ndi ya bambo ako?"

Dokotala anabaya pomwepo, iwo osamva n'komwe. Atawagoneka, amalume anatembenuza mutu n'kuiona simbi m'chigalasi muja.

"Chotsa simbiyo! Lonjezo! Chitsiru iwe, shati ikupsa! Ukudya chiyani? Mtedza wanga? Ambuye, ndigwireni!"

Anti anaona pa kasikirini kawo zimene amalume ankaona, ndipo anafuna kuzimitsa. Dokotala anayang'ana makina a mtima, n'kuyang'ana manja a amalume amene anali atasiya kunjenjemera, n'kuwaletsa Anti kuzimitsa. Anangofunsa kuti bamboyu akuti chiyani. Anti Nachisale, mayi wa Mvano, ananama pamaso pa Mulungu kuti, "Akupempherera mwana wa mchemwali wawo."

Macheka analira, hamala inalira, bondo latsopano linalowa. Amalume sanamve chilichonse. Atawavula chigalasi sanafunse za mwendo. Anati, "Imbirani foni kunyumba, azimitse simbi."

Simbiyo sinali pamagetsi, abale. Aliyense wamaso akanaona chingwe chili lende pansi. Nsapato zokha ndizo zinavutikadi.

Tsono ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la m'basi, la mwana amene inu munamutaya kale. Anadyetsa Eliya ndi makwangwala, osati ndi nkhunda, ndiye musadabwe kuti anagwiritsa ntchito ine. Amalume akuyenda, akuchita mafizo, ndipo kuntchito awauza kuti malo awo alipo. Ndikuthokozanso Anti Nachisale, ngakhale khutu langa likadali lotentha. Inu amene muli ndi m'bale woopa opaleshoni, musataye mtima, ndipo musamuuze kuti mantha ndi kuchepa kwa chikhulupiriro monga munkawauzira amalume. Kafunseni kuchipatala ngati chigalasicho chilipo, ndipo muganize bwino chimene chimamugwira mtima munthu wanuyo. Si onse amene amatonthozedwa ndi nsomba.

Kupepesa ndiye sindipepesa. Amene mukudikira kuti ndidzaime kutsogolo ndikulira, bweretsani mipando yofewa, mudikira nthawi yaitali.

Chilango chinagamulidwa pabalaza, amayi ali woweruza. Foni andilanda mpaka teremu ithe. Ndipo poti amalume sangaime nthawi yaitali, Loweruka lililonse ndizisita mashati onse asanu ndi awiri, iwo atakhala pampando ndi ndodo m'manja, akundiuza kuti kolala sayamba choncho. Amakuwa mpaka aneba kugogoda khoma, ndipo ine ndikamva mawu amenewo ndimadziwa kuti munthu wachira.

Lero ndasita onse. Pamene ankandikalipira za shati yachitatu, simbi inali itakhala pa yachinayi, ulendo uno ili pamagetsi. Chipsera chake n'chaching'ono, ndipo chili kumsana, sanachione. Lamlungu kukatentha m'tchalitchi amalume n'kuvula jekete, inu a mzere wakumbuyo mudzangoti ameni.