Shehe Twaibu Mkwanda, amene anakana kutchedwa waliyi

Malemu anabadwa pa 4 Epulo 1941 ku Nkhotakota. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine Idrisa, mphwawo. Mundikhululukire mawu akachepa, pakhomo pano tonse tatopa.

Sukulu analekezera Sitandade 4, kenaka analowa madrasa, komwe anaphunzira Qur'an ndi sikiri, nyimbo zotamanda Mulungu za gulu la Asilamu la Akadiriya. Mu 1966 anakwatira mayi Asiyatu, ndipo mu 1968 anasamukira kuno ku Ntchisi ndi makina awo osokera.

M'chilala cha 1992 anatsogolera duwa, pemphero lopempha mvula, pamzikiti wathu uno. Patapita masiku atatu, mvula inagwa. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kuwatcha waliyi, kutanthauza bwenzi la Mulungu lopatsidwa zozizwitsa. Odwala ankachokera ku Dzoole ndi ku Mtengowanthenga, Asilamu ndi Akhristu omwe, ena kudzangogwira mkanjo wawo. Alamu anga a Asiyatu aphikira alendo amenewa zaka makumi atatu osapuma.

Ashehe sankakana kuti zozizwitsa zilipo. Ankatiwerengera m'Qur'an za Mariyamu, amene Zakariya ankamupeza ali ndi chakudya m'chipinda popanda wobweretsa. Koma ankati Mariyamu sanadzitame, anangoti zachokera kwa Allah. Za iwo eni ankati ndi telala chabe, ndipo wodwala aliyense akamupempherera ankamutumiza kuchipatala.

Mu 2009 mwana wawo woyamba, Sara, anadwala sabata imodzi n'kumwalira, bambo ake akupemphera pambali pake. Ena mwa inu munati mphamvu zawathera, mpaka munasiya kuwapatsa moni. Iwo anabwerera pamakina, ndipo amene munabweranso ndi odwala anu sanakubwezeni.

Anayamba kudwala shuga mu 2019. Pofika 2022 maso anali atasiya kuona. Atisiya dzulo m'mawa, pa 11 Juni 2024.

Pempho lawo linali limodzi: manda awo asawakidwe, ndipo pasapezeke munthu wokatapa dothi lapamenepo kuti akachizire matenda. Chonde, mulisunge.

Asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu khumi ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a ku tchalitchi amene atithandiza kutunga madzi, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu. Malemuwa tawasenzetsa zambiri ali moyo. Tsopano tiwaleke agone. Allah awakhululukire, awapatse mpumulo.