Makumba a alamu anga

Kale, njinga zakabaza zisanadzaze msewu wa ku Golomoti, alamu anga a Nikolasi anakumba dziwe la nsomba kuseri kwa dimba lawo, ndipo anaikamo makumba ochepa ndi gaga wambiri. Inu a lero mumangofunsa alangizi pafoni, koma alamuwo sankafunsa munthu, ndipo mukudziwa kuti safunsa anadya phula.

Tsono mwana wawo Rozina anapeza banja ku Mtakataka, kwa asodzi enieni, ndipo alamu anadzitama pamaso pa asewere awo kuti pa ukwati anthu adzadya nsomba zonga mkono, osati zakunyanja ayi, zam'dziwe mwawo. Kuyambira tsikulo analetsa aliyense kuwedzamo. Mlongo wanga akapempha ziwiri zokha za ndiwo, yankho linali lakuti, "Mayi, zisiyeni ziswane."

Tsiku lina anapeza mlamba utalowamo ndi madzi a mvula. Ine ndinati, "Alamu, usiyeni, uzidyako tiana kuti zotsalazo zipeze malo." Iwo anati, "Mukufuna ndisunge mbava m'nkhokwe?" Anaugwira n'kuuotcha, ndipo ine, poti mlamba sindikana, ndinadya nawo mutu.

Musaseke msanga, ana inu. Makumba akasowa chowadya amaswana ngati alipidwa, koma dziwe silikula nawo, gaga ndi yemweyo, ndipo nsomba iliyonse imangolawa osakhuta. Madzi ankachita kuwira ndi timitu, alamu n'kumaitana odutsa kuti adzaone chuma.

Ukwati utatsala tsiku limodzi tinakoka ukonde, asewere ataima pamtunda. Kulemera kwake, tinachita kuitana amayi kuti atithandize. Koma titakhuthula m'malichero, kalanga ine, tinsomba tonse tinali tonga chala, maso okhaokha! Ndinawamvera chisoni alamu, koma kuseka kunandipweteka m'nthiti. Bambo a mkwati, munthu waulemu wake, anatola kamodzi, anakatembenuza n'kufunsa motsitsa mawu, "Asewere, tianati tationa, nanga makolo awo afika nthawi yanji?"

Mbuzi ziwiri zomwe alamu ankasungira ukalamba wawo zinagona mumphika tsiku lomwelo.

Ndiye inu amene mwayamba kukumba maiwe masiku ano, muziwedzako, mayi akapempha ndiwo muziwapatsa, ndipo mlamba ukalowa musathamangire moto. Dziwe lili ndi muyeso wake, mukakana kupatulira, njala idzakupatulirani.