Valavu Imene a Sipanala Sanaimange Kachiwiri

Amene tikuwaperekeza lero ndi bambo anga, omwe ambiri munkawatchula kuti a Sipanala. Anabadwa mu 1967, m'nyumba ya makolo awo kuseri kwa njanji, achitatu m'banja la ana asanu.

Atamaliza sekondale anakaphunzira za mapaipi kusukulu ya ntchito zamanja. Amayi anga anakumana nawo pampopi wodontha wa kunyumba yogona ana asukulu yaunamwino. Mpopiwo anaukonza tsiku lomwelo, koma ankabwerabe kudzaona ngati wayambanso kudontha, mpaka ukwati unachitika mu 1995.

Moyo wawo wonse wa ntchito unathera kufakitale ya sopo, komwe ankasamalira mavalavu, zotsekera za mapaipi odutsa madzi otentha a mankhwala amene amathamanga ndi mphamvu yoopsa. M'kati mwa valavu mumakhala labala lotsekera. Bambo ankati ukaika labala latsopano, mabawuti umamanga mopingasa, ili kenako la tsidya, osathinitsa kwambiri chifukwa labala limang'ambika. Paipi ikatentha koyamba n'kuzizira, labala limaphwa, mabawuti amakhwefuka, ndiye umayenera kubwerera kukamanga kachiwiri. Chipsera cha pakhosi pawo chija anachitenga pavalavu imene munthu wina sanaibwerere.

Kutchalitchi anali a kwaya. Za mawu awo sindinena, akwaya mukudziwa nokha chifukwa chimene munkawaimikira kumbuyo. Ine nditasiya koleji panjira sanandikalipire. Anangoti ndiyambe ndazizira, adzandimanganso. Ndinali ndikudikirabe.

Mwezi watha anaika labala latsopano pavalavu ya paipi yofiira, kuseri kwa thanki yaikulu, pamwamba pa benchi imene inu a kufakitale mumadyerapo masana. Ataweruka anayamba kutsokomola ndi kunjenjemera, ndipo kuchipatala anati ndi chibayo. Pabedi sanakhazikike. Ankachotsa kapaipi ka mpweya pamphuno, n'kumafunsa nsapato zawo. Anamwino ankati kutentha thupi kwawasokoneza mutu. Mutu unali bwinobwino. Valavu ija inali isanamangidwe kachiwiri, ndipo amene ankadziwa zimenezi ndi iwo okha.

Anandituma kufakitale kuti ndikanene za valavuyo. Pageti mlonda anandibweza, akuti ndilibe chiphaso. Ndinaimba foni kuofesi, anati amva, ndikawapatse moni bambo. Ndinaimbanso, foni inangolira. Nditabwerera kuchipatala bambo anandifunsa ngati amanga. Ndinati sindikudziwa. Anatembenukira kukhoma, dzanja lawo likupotokola bulangete ngati lagwira bawuti. Anatisiya Lachiwiri lapitali, asanamve yankho.

Inu a kufakitale mwabwera pa basi yodzaza, ndi nkhata yamaluwa yokongola. Zikomo. Kumanda kuno kulibe geti, ndiye uthenga uja ndaupereka pano anthu onse akumva: paipi yofiira, kuseri kwa thanki yaikulu. Muyambe mwatseka madzi, paipi izizire. Mopingasa, osathinitsa. Pabenchi paja pasakhale munthu mpaka mutamanga. M'nyumba mwathu maliro amodzi akwana, sitikufuna kuti nafenso tidzabwere kwanu ndi nkhata.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, ine ndi alongo anga awiri, mdzukulu mmodzi amene amawafunafunabe kukhonde, achimwene awo awiri ndi achemwali awo mmodzi.

Pali amene akumva mwa inu? Imikani dzanja, amayi aone. Mukamange valavuyo, kuti bambo anga apumule mu mtendere.