Denga Lodontha Popanda Mvula

Mvula inali itasiya kalekale, koma denga la malata la mayi telala linkadonthabe m'mawa uliwonse. Tsiku limenelo patebulo panali diresi loyera la mkwatibwi amene ankadzalitenga masana, ndiye mayiyo, mtima uli m'malere, anaitanitsa mlamu wake kalipentala kachinayi.

"Alamu, bowo lija mwalisiyanso!"

"Liti? Onse ndinatseka."

Tho! Dontho la dzimbiri linagwa pafupi ndi mkono wa diresi. Telala anakuwa, n'kulikokera kumbali.

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Amenewo ndi madzi."

"Ndikuwaona! Achokera kuti?"

"Kunja kuli dzuwa phwee. Achokera kwa inu, alamu."

"Iii! Ndasanduka mtambo ine?"

"Ayi, ndinu telala."

"Kwerani mukamate bowo, musandiputire matenda!"

Kalipentala sanakwere. Analoza nsalu zonyowa zimene zinali ndandanda pachingwe, mawindo otseka, ndi poto amene ankawira pambaula.

"Zimenezi bwanji osayanika panja?"

"Kuti telala wa kuseriyu andibere sitayilo? Ndikhale ndafa!"

"Mawindowo?"

"Amasuzumira ameneyo!"

Bamboyo ananyamula chivundikiro cha poto. Madontho anayoyoka.

"Ichi chili ndi bowo?"

"Chilibe."

"Koma chikudontha. Nthunzi ikakwera n'kugunda malata ozizira, imabwerera ngati madzi."

"Ndiye mukuti nyumba yanga ndi poto?"

"Poto amakhala bwino. Amavundukulidwa."

"Zamkutu! Kale silinkadontha chonchi."

"Kale mphepo inkadutsa m'mipata ya pansi pa malata."

"Mipatayo inapita kuti?"

"Ndinamata."

"Anakutumani ndani?"

"Inuyo. Munati mabowo onse. Ulendo wachiwiri munatinso onse, ndinamata a pakhoma. Wachitatu ndinatseka ngakhale kabowo ka kiyi."

Telala anagwira m'chiuno.

"Inu mumadziwa kuti zikuipiraipira?"

"Kwambiri."

"Osandiuza?"

"Munati ndimate. Simunati ndifotokoze."

Tho! Lina linagwa, ulendo uno pamphepete penipeni pa tebulo.

"Mayo ine! Tsegulani windo, msanga!"

Kalipentala anakankha windo. Kunja, telala wa kuseri uja anali chiimire, akusesa malo osesa kale, khosi litatalika.

"Tsekani!"

Anatseka.

"Lidonthatu."

"Tsegulani!"

Anatsegula.

"Akuonatu."

"Tsekani! Ayi, dikirani... tsekani ndithu!"

Mayiyo anathamangira kuchipinda, n'kubwera ndi ambulera. Anaitambasula pamwamba pa diresi ndi kumugwiritsa mlamu wake.

"Imani pompo mpaka mkwatibwi abwere. Osasuntha, osayankhula."

Kalipentala anaima njo ngati mzati. Patapita kanthawi anayang'ana m'mwamba, nkhope n'kuwala. Anakweza chala.

"Ndati osayankhula!"

Chala chinakhalabe m'mwamba.

"Chabwino, n'chiyani?"

"Mumanena zoona, alamu. Bowo lija ndalipeza. Lili pa ambulera."