Njerwa za aNambewe: Mbiri ya Mayi Esitere Mphepo

Malemu Mayi Esitere Mphepo, amene ambiri tinkawatchula kuti aNambewe, anabadwa pa 9 Ogasiti 1961 m'mudzi muno mwa Kachembwe, Mfumu Yaikulu Kapelula, m'boma la Kasungu. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri la Bambo Tiyese Mbewe ndi Mayi Feliya Nankhoma, amene onse awiri anatsogola kale. Mbiriyi ndalemba ndine mwamuna wawo, Jeremiya Mphepo. Akuwerenga ndi alamu anga a Redson, choncho mukamva mawu oti "ine" musawayang'ane iwo.

Sukulu anayamba mu 1968 kutsidya kwa mtsinje, pa sukulu ya mishoni imene masiku amenewo inkalekeza Sitandade 5. Makalasi otsalawo anakamalizira kwa azakhali awo ku Chisemphere. Anasankhidwa kupita ku sekondale, koma anangofika Fomu 2. Abambo awo anali pa utenanti pa esiteti ina, ndipo chaka chimenecho fodya sanachite bwino. Malemu sankakonda kukamba za sukulu yawo yodukira panjirayo, koma makope awo a Fomu 2 ali m'nyumba mpaka lero, okutidwa bwino ndi mapepala a khaki.

Ine ndinabwera kuno mu 1981 kudzaphunzitsa, kuchokera kwathu ku Lisasadzi. Ndinawapeza akuphunzitsa amayi kulemba ndi kuwerenga pa sukulu ya kwacha. Ankalowa masana ife tikaweruka, m'kalasi langa lomwe, ndipo ankanditsirizira choko. Ndinapita kawiri kukadandaula. Ulendo wachitatu ndinapita ndi choko m'thumba kukawapatsa. Tinadalitsa ukwati wathu mu 1983, ine n'kukhala mkamwini pamudzi pano. Boma linatisamutsa kanayi m'masukulu a m'boma lomwe lino, ndipo mu 2003 linatibweza kuno, kumene ndinapumira pa ntchito. Mulungu anatipatsa ana anayi.

Malemu anabatizidwa mu 1976 atamaliza kalasi mu mpingo wa CCAP. Analowa Chigwirizano cha amayi mu 1985, ndipo anakhalapo mlembi kwa zaka zisanu ndi zitatu. Kuimba sankatsogolera, mawu awo anali otsika. Ntchito yawo mu mpingo inali yoyendera odwala.

Mu 2009 mudzi unawasankha kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko. Kachitidwe ka masiku amenewo tonse tikukakumbukira. Mudzi unkayamba ndiwo: kututa mchenga, kuswa miyala, kuumba ndi kuwotcha njerwa. Akuluakulu a ku boma akabwera n'kuona milu ija, ndiye ankatumiza simenti, malata ndi amisiri. Mjigo wa pafupi ndi tchalitchi unabwera choncho mu 2011. Makalasi awiri a malata aja anabweranso choncho mu 2014. Malemu anakhulupirira kuti njira yake ndi imeneyi, ndipo pamisonkhano ankakonda kunena kuti, "Boma ndi mlendo wamanyazi, salowa m'nyumba yosasesa."

Chimene ankachifunitsitsa kuposa zonse chinali chipatala chaching'ono. Chipatala chimene timadalira chili pa mtunda wa makilomita 17, ndipo m'dzinja mtsinje ukadzaza ngolo siiwoloka. Kwa zaka zambiri, mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, amene ankaitanidwa kukakwera naye pangolo anali aNambewe. Za maulendo amenewo sankandiuza zambiri. Ndinkadziwa mmene zayendera poona kalowedwe kawo m'nyumba.

Mu 2017 komiti inagwirizana zoumba njerwa za chipatalacho. Abambo ambiri anali otanganidwa ndi kusankha fodya ndi kudinda mabelo, ndipo atangomaliza, nthawi ya nazale inali itakwana. Ntchito inagwera amayi. Madzi ankatunga ku zitsime za ku dambo, popeza a pa mjigo ndi akumwa. Dothi ankaponda ndi mapazi, zikombole ankanyamula okha, kuyambira Juni mpaka Sepitembala. Amene ankatsogolera magulu awiri a amayiwo anali Mayi Ezelina ndi Mayi Fainess, anzawo a malemu kuyambira pa utsikana. Nkhuni, monga mukudziwa, fodya anatha nazo kalekale kuno. Anthu anapereka mitengo ya pakhomo. Mayi Fainess anadula mango amene anabzala amayi awo. Ine ndinapereka bulugamu amene ndinkasungira chigafa cha fodya, ngakhale kunena zoona anapereka ndi malemu, ine ndinangouzidwa. Mauvuni awiri anawotchedwa mu Okutobala, ndipo kalata inapita ku boma yonena kuti mudzi wakonzeka.

Apa pali nkhani imene malemu anakana kuinena. Ndaona kuti ndiinene ine lero, anthu onse ali pamodzi. Chapakati pa 2018 ndinawerenga m'nyuzipepala kuti nyumba za boma zisiya kumangidwa ndi njerwa zowotcha, ziyamba kumangidwa ndi mabuloko a simenti, pofuna kuteteza mitengo. Ndinawerenga kawiri. Ndinadziuza kuti zimenezi ndi za m'tauni, kumudzi kuno sizifika msanga. Masiku amenewo amayi anali atayamba kale kuumba za uvuni wachitatu, woti udzamangire nyumba ya namwino, ndipo malemu ankabwera kunyumba ali matope okhaokha, akung'ung'uza nyimbo. Sindinafune kuwadula mtima. Nyuzipepala ija ndinaipinda n'kuiika pansi pa mabuku. Amayi anapitiriza kutunga madzi ku dambo miyezi ina itatu, ndipo uvuni wachitatu unawotchedwa. Amene munavutika chaka chimenecho, dziwani kuti malemu sankadziwa kanthu. Amene ankadziwa ndine.

Mu Juni 2019 galimoto ya boma inabwera. Munali mtsikana wophunzira za zomangamanga, waulemu kwambiri. Anazungulira mauvuni onse atatu, anagogoda njerwa imodzi n'kunena kuti inapsa bwino. Kenako anatengera malemu pambali n'kuwafotokozera kuti lamulo linasintha, njerwa zimenezi sizingamangire chipatala cha boma, ndipo pempho lathu liyenera kulembedwanso. Mtsikanayo sanalakwe, ankagwira ntchito yake, ndipo lamulolo lili ndi chifukwa chake chimene aliyense woyang'ana m'minda yathu angachione.

Atafika kunyumba ndinatulutsa nyuzipepala ija n'kuwapatsa. Anawerenga ataima, anayang'ana tsiku limene inatuluka, kenako anati, "Aphunzitsi, ana a eni mumawaphunzitsa zonse zimene mwawerenga. Ine munandisiyiranji?" Malemu sanaitchulenso nkhaniyi kufikira tsiku lomaliza.

Lachisanu lotsatira anaitanitsa msonkhano pa bwalo la sukulu. Ndinawapempha kuti ndikalankhule ine. Anakana. Anati wapampando ndi iwo, ndipo mkamwini akaimirira anthu adzati mayi wabisala kumbuyo kwa mwamuna. Anafotokoza zonse monga anauzidwira, osabisa kanthu kupatula dzina langa. Atamaliza, Mayi Ezelina anafunsa ali chikhalire kuti, "Tamva, apampando. Nanga misana yathu atibwezera ndani?" Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Mayi Fainess ananyamuka n'kumapita. Malemu anangoti, "Ndalakwa ndine, ndikhululukireni."

Kuyambira pamenepo mauvuni aja anapatsidwa dzina loti chipatala cha aNambewe. Munthu akadandaula mutu pa mjigo, mnzake ankamuuza kuti, "Pitani kwa aNambewe, lero adokotala ake a Buluzi alipo." Sindikunena izi pofuna kudzudzula aliyense. Anthu anavutika ndipo anayenera kupumira penapake. Koma malemu ankazimva. Pa chisankho cha 2020 sanasankhidwenso, ndipo anapereka mabuku a komiti kwa Mayi Maureen, amene ali pampandowo mpaka lero. Madzi anayamba kumatunga masana, nthawi imene pa mjigo pamakhala popanda anthu. Ku Chigwirizano anasamukira pa benchi ya kumbuyo.

Ntchito ya chipatalacho sanaisiye. Mayi Maureen ankabwera kunyumba Loweruka lina lililonse, awiriwo n'kumalemba makalata, ine n'kumakonza Chingelezi. Pempho linalembedwanso katatu. Lero dzina la mudzi wathu lili pa mndandanda wa ku boma, ndipo timauzidwa kuti likusendera kutsogolo. Malo anayezedwa chaka chatha, zikhomo zake zilipo. Za njerwa, malemu anapempha kuti zisagawanidwe, zidikire kuti chipatala chikadzabwera mudzi udzamangire wokha khitchini ndi chidikiro cha amayi oyembekezera. Chaka chilichonse mvula isanagwe ankalambula udzu kuzungulira mauvuniwo ndi kumata ming'alu ndi dothi. Ankachita okha, sankaitana munthu.

Kwa zaka zonsezi palibe amene anatengapo njerwa ngakhale imodzi, pamudzi pamene anthu ambiri akusowa zomangira. Pa nkhani imeneyi ine ndi malemu tinkasiyana maganizo. Ine ndinkati anthu akusunga mawu awo chifukwa cha ulemu. Iwo ankati ayi, anthu akadali okwiya, sakufuna n'kuzikhudza komwe. Ankanena modekha, uku akusenda chimanga kapena kusoka, koma ndikudziwa kuti ndi nkhani imene inkawalemera kuposa matenda.

Mu 2021 anapezeka ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mankhwala ankakatenga mwezi uliwonse, nthawi zambiri pa njinga yanga, ine ndikupalasa. Ankandinena kuti ndimapalasa ngati ndikuperekeza mkwatibwi. Kumayambiriro kwa mwezi uno anagwa ali m'munda wa mtedza, ndipo mbali ya kumanja inafa ziwalo. Tinawanyamula pangolo, pa msewu womwe uja anaperekezerapo amayi ambiri. Kuchokera ku chipatala chathu anatitumiza ku chipatala chachikulu ku boma, kumene anagonekedwa masiku khumi ndi limodzi. Madokotala ndi anamwino anachita zonse zimene akanatha, ndipo banja likuwathokoza. Kulankhula kunkawavuta. Mwa mawu ochepa amene ndinawamva bwino, kawiri anafunsa kuti, "Ezelina wabwera?" Ndinawauza kuti ku boma n'kutali ndipo ino ndi nthawi yosankha fodya. Anagwedeza mutu. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, ali ndi zaka 63.

Chotsala ndi cha dzulo. Ana anali atagwirizana kuti manda a mayi awo awakidwe mkati, ndipo anali atatuma munthu kukafuna njerwa ku msika. Adzukulu atangoyamba kukumba, Mayi Ezelina ndi Mayi Fainess anandipeza pakhonde la nyumba ya siwa. Sanabwere kudzapempha. Anabwera kudzandiuza kuti uvuni wa kufupi ndi njira auphwasula kale mbali imodzi. Ndinakana. Ndinati malemu ankazisungira chidikiro, ndipo sakanalola. Mayi Ezelina anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, inu munaumbapo zingati?" Ndinati sindinaumbepo ngakhale imodzi. Anati, "Ndiye khalani pansi mulire maliro, ndinu mkamwini inu. Mnzathu sangagone m'njerwa za eni." Mayi Fainess anawonjezera kuti za chidikiro zatsala zambiri, ndipo adzapitiriza kuzimata okha.

Ngolo inalipo, koma anaikana. Amayi anasenza njerwazo pamutu, wina zitatu wina zinayi, ali pamzere kuchokera pa uvuni kudutsa kuseri kwa sukulu mpaka m'mphepete mwa manda, pamene amayi amalekezera adzukulu akamagwira ntchito. Pamenepo anyamata ankazilandira. Ena mwa amayiwo ndi okalamba tsopano, ankayenda ndi ndodo kudzanja limodzi. Ena anali ana aang'ono pamene njerwazi zinkaumbidwa. Ndinayesa kuwawerenga, ndinalekeza pa makumi asanu ndi limodzi. Njerwa zimene muzione m'mandamo posachedwapa ndi zimenezo.

Malemu anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuganiza kuti anzawo sanawakhululukire. Ndikanakonda akanaona mzere uja. Pa zaka makumi anayi ndi ziwiri za banja lathu, ndikaona chinthu panjira ndinkachisunga kuti ndikawauze pofika kunyumba. Dzulo amayi omaliza atadutsa, ndinaimirira n'kutembenukira kukhomo kuti ndikawauze.

Malemu asiya ine mwamuna wawo, ana anayi, Chikhumbo, Thoko, Raymond ndi Goodness, apongozi atatu, zidzukulu zisanu ndi zinayi, alongo awo awiri, a Redson ndi a Tiyese aang'ono, ndi mng'ono wawo Mayi Miriam. Banja likuthokoza abusa ndi akulu a mpingo, mafumu, amayi a Chigwirizano, komiti ya chitukuko, adzukulu, ndi nonse amene mwasiya fodya wanu m'zigafa kudzatikhalira pano.

ANambewe agwira ntchito yawo. Apumule mu mtendere wa Ambuye.