Mabawuti a injini ya boti

Pa siteji ya basi ku Midland, kudziko la eni, bambo wina wovala yunifolomu ya kumgodi anamva mayi wina akulankhula Chichewa pafoni. Mayiyo atangodula, bamboyo anasendera n'kuyamba kudzifotokoza.

"Ine, mayi, palibe bawuti inandikanikapo kumasula. Kumgodi amachita kunditumizira ndege."

"Oo, eti."

"Panopa ndikukonza injini yakale ya boti. Mabawuti ake anagwirana ndi dzimbiri, si madzi amcherewa. Mafuta akanika, hamala yakanika. Ndiye ndasiya mlamu wanga Chiukepo m'galaja, akuwawotcha ndi moto wa gasi. Chitsulo chikalawa moto chimagonja."

"Petulo munayamba mwachotsa?"

"Petulo ali m'thanki, pambali."

"Pambali patali?"

"Pafupi ndithu. Ndinadzaza dzulo."

"Aimbireni alamu anuwo, bambo."

"Ikungoitana."

"Kunyumbako kuli ndaninso?"

"Madamu ndi ana. Galajayo inagundana ndi chipinda cha ana."

"Imbirani madamuwo!"

"Nawonso sakuyankha. Mayi, tayesani kuwaimbira ndinu."

"Dikirani. Yadutsayo si galimoto yozimitsa moto? Mwati mumakhala mbali iti?"

"Komwe yakhoterako."