Ngongole yoitanitsa pa Sabata

Moni a wailesi. Ndine mayi wothyola tiyi kuno ku Makwasa, ndipo ndati anzanga amveko zomwe zinandionekera.

Loweruka lina m'mawa ndinalandira meseji pafoni: "Muli ndi ngongole kuchipatala cha mishoni. Gulani mayunitsi mutumize manambala ake lero lomwe, apo ayi mwana wanu sadzalandiranso mankhwala. Ndikudikira muofesi muno."

Mwana wanga amadwala khunyu, sagona osamwa mankhwala. Ndinatenga ndalama ya chimanga, ulendo wa kugolosale.

Panjira ndinakumana ndi alamu anga, a Adiventi, atatchena akupita kutchalitchi. Atawerenga mesejiyo anaseka mpaka misozi.

"Alamu, lero nlachingati? Chipatalacho ndi cha mpingo wathu, akalaliki a muofesi yake timapemphera nawo, pano ali kukwaya. Ofesiyo pa Sabata imakhala pa loko. Nanga ameneyu wakhala muofesi ya yani?"

Lolemba ndinapita kukafunsa ndekha. Ngongole panalibe, mankhwala tinalandira, mtima wanga unakhala pansi.

Anzanga, munthu akamakuthamangitsani pafoni kuti lero lomwe, yambani mwafunsa kaye. Ine chimanga cha ana anga chinapulumuka chifukwa wakuba alibe Sabata.